Nkhuku zatha, nanga phindu lili kuti?

Ntchito yanga ndi kusanthula manambala a bizinesi. Anthu akamva zimenezi amaganiza za makompyuta a m'mabanki a ku Lusaka, koma zida zanga zambiri ndimazipeza m'kope la sukulu, lija limene mayi woweta nkhuku ku Kanakantapa kapena mwini kantemba m'mbali mwa Great East Road amalembamo ngongole. Chodandaulitsa n'chakuti kopelo limatsegulidwa pokhapokha pofuna kukumbutsa wangongole. Palibe amalifunsa china.

Tiyambe ndi nkhuku za nyama. Oweta ambiri amawerengera pamapeto: anapiye ndi chakudya ndinagula mwakuti, ndagulitsa mwakuti, zotsala ndi zanga. Ine ndimafuna kuona sabata iliyonse payokha, chifukwa chakudya chimatenga zoposa theka la ndalama zolowa m'khola, ndipo sichidyedwa mofanana. Nkhuku ikakwana masabata 6 ndi pamene imadya koopsa. Koma wogula pamsika wa Chongwe saiika pasikelo. Amaikweza m'manja, n'kulipira mtengo womwe uja wa dzana. Tinene mwatsala ndi nkhuku 100, iliyonse ikudya magalamu 180 patsiku. Amenewo ndi makilogalamu 18, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 silifika masiku atatu. Nkhuku yogona m'khola kudikira kasitomala ikudya phindu la inzake imene inagulidwa kale.

Mayi amene walemba manambala otere m'kope lake safuna ine kuti ndimuuze zochita. Amaona yekha kuti kutsitsako mtengo n'kumaliza khola m'sabata imodzi kumaposa kuumirira. Amayambanso kuwerenga chobwerera m'mbuyo asanaode anapiye, kuti nkhuku zikhwime mwezi ukutha, aphunzitsi ndi antchito a ku Chalimbana atalandira, kapena Khirisimasi ili pafupi.

Alimi a tomato nawo amanyengeka ndi mtengo wa bokosi ku Soweto Market. Mtengo umenewo si wanu. Chotsanipo galimoto, amene akugulitsirani, ndi tomato wophwanyika m'njira. Mu 2022 bungwe la ERB linayamba kuunika mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, choncho ndalama ya thiransipoti imene munaiwerengera podzala singakhale yomweyo pokolola.

Pali msampha wina umene ngakhale ophunzira amagweramo: kuyerekeza zinthu zosafanana. Malonda a June muwayerekeze ndi June wa chaka chatha, osati ndi December. Ndipo ndalama zikachuluka, funsani ngati katundu wotuluka wachulukanso, poti mwina ndi mitengo chabe imene yakwera. Bungwe la ZamStats limalengeza kukwera kwa mitengo mwezi uliwonse, ndipo nkhaniyo imamveka pa wailesi mwaulere. Chaka cha 2024 chokha muchiike padera. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko, madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku. Mwini chigayo kapena butchala akatenga manambala a miyezi imeneyo ngati muyeso wa chaka chabwinobwino, adzatseka bizinesi imene inalibe mlandu.

Foni yanu imalemba kale tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama iliyonse yolowa pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Koma nambala imodzi ikamalandira za nkhuku, n'kulipira fizi, chopereka cha kutchalitchi ndi thandizo la pamaliro, ngakhale ine sindingatolepo kanthu.

Ndiye amayi ndi abambo, bizinesi ikhale ndi nambala yakeyake. M'kopemo jambulani mizere inayi: tsiku, chinthu, zolowa, zotuluka. Nkhuku imene mwadya pakhomo muilembenso, pamtengo wa pamsika.