Kutha kwa caka: nthawi yowerengera zimene munthu wacita

Usiku wa pa 31 December, machalichi ambiri m'Zambia amadzaza ndi anthu amene amacezera kupemphera mpaka caka catsopano citalowa. Ambiri amabwerera kunyumba atalonjeza kusiya mowa, kusunga ndalama kapena kubwerera kusukulu. Koma pofika mwezi wa March, malonjezo ambiri amakhala ataiwalika kale.

Cifukwa cacikulu n'cakuti caka cimatha pa nthawi yovuta. Ku midzi ya ku Cipata, Katete ndi Petauke, December ndi mwezi wobzala ndi kupalira, pomwe nkhokwe zayamba kale kucepa ndipo cimanga catsopano cikali kutali. M'makomboni a mu Lusaka, ndalama zimathera pa Khirisimasi, kenaka January amafika ndi lendi ndi zofunika za kusukulu. Ngakhale boma linacotsa malipiro m'masukulu ake mu 2022, yunifomu, nsapato ndi makope zimagulidwabe ndi makolo. Munthu amene alonjeza kusunga ndalama osawerengera zimenezi amakhala atagonja asanayambe n'komwe.

N'cifukwa cake kudzifufuza kwenikweni kumayambira pa pepala. Munthu alembe zimene anapeza caka conse, zimene anawononga, ndi nkhongole zonse, ngakhale zija zocititsa manyazi. Nkhongole ya kaloba ndiyo yoyenera kuyang'anitsitsa. Mwacitsanzo, wobwereka K500 n'kugwirizana zobweza K750 pakutha kwa mwezi wataya K250 popanda cogula. Akalephera, n'kumalipira ciwongoladzanja cokha mwezi ndi mwezi, pakatha miyezi iwiri amakhala atapereka ndalama yofanana ndi imene anabwereka, koma nkhongole ikali comweco. Wotere, pulani yake yoyamba ya caka isakhale kugula njinga kapena malata, koma kutuluka m'dzenje limenelo.

Cilimba cimathandiza pamenepa, ngati cikonzedwa mwanzeru. Anthu khumi oponya K100 pa mwezi amapatsana K1,000 mosinthana. Ambiri amalimbirana kulandira mu December, ndipo ndalamazo zimathera pa nkhuku ndi zovala za cikondwerero. Kholo lanzeru limapempha kulandira mu January, kapena mu October ngati ndi mlimi wofuna mbewu ndi feteleza mvula isanagwe. Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse m'mwezi wa February caka cimeneco, cinaonetsa kuti banja lodalira munda umodzi wa cimanga lingagwe m'nyengo imodzi yokha. Nyemba, cinangwa, mbuzi kapena nkhuku zingaoneke zazing'ono, koma ndi zimene zimapulumutsa.

Wofuna kupitiriza maphunziro naye ayenera kudziwa masiku. Bungwe la Examinations Council of Zambia limalola akuluakulu kulembanso mayeso a GCE, koma kulembetsa kumatsekedwa miyezi ingapo mayeso asanafike, ndipo woyamba kufunsa mocedwa amadikira caka cina. Acinyamata ofuna luso la manja, monga ukalipentala, kusoka kapena kumanga, angapemphe thandizo la ndalama za CDF kudzera ku komiti ya citukuko ya wadi yawo.

Lonjezo lokhala ndi tsiku ndi mtengo wake ndilo limacitika. Kunena kuti "ndidzasunga ndalama" n'kosiyana ndi kusankha kuika K50 pambali tsiku lililonse lolandira malipiro, m'malo amene dzanja silifikako msanga.