Kapepala ka Manambala Awiri

Mu Sakubva, dera lakale la mumzinda wa Mutare, m'mene mukukhalabe zidzukulu za amuna aja anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito pa njanji ya ku Beira ndi m'migodi ya golide ya ku Penhalonga, mawu oti "wapita padera" amanenedwa monong'ona, ndipo wowamva amangozolika osafunsa kanthu. Komatu kuseri kwa nyumba milandu imazengedwa ndithu: apongozi amati mtsikanayo anasenza ndowa yolemera, ena amati mwamuna anayenda njira zokhota n'kumusempha, ndipo ena, monga mwa chizolowezi chathu, amaloza chala nyumba ya mnansi.

Mwana wa mlongo wanga, amene anali ndi pakati pa masabata 7, anandipeza m'mawa wina ndikusesa pabwalo, atafumbata kapepala kochokera kopimitsa magazi m'tauni, kokhala ndi manambala awiri, ya Lolemba ndi ya Lachitatu, yachiwiriyo yochepa kuposa yoyamba. "Azakhali," anatero maso ali pansi, "kodi ndalakwanji ine?"

Sanalakwe kanthu, ndipo chifukwa chake n'choyenera kuchilongosola modekha. Dzira likangokhazikika m'chiberekero, tizigawo timene tidzasanduke nsengwa timayamba kutulutsa homoni imene madokotala amaitcha hCG, imene muyeso wake unali manambala aja, yomwe ija imaonetsa mizere iwiri pa kachipangizo koyezera mkodzo. Ndipo m'masabata oyamba imachuluka kuwirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse, kufikira cha m'sabata la 10, pamene imayamba kutsika mwachibadwa. Ntchito yake ndi ya mthenga: imauza thumba limene munachokera dziralo kuti lisaleke kupanga progesterone, homoni yosunga mkati mwa chiberekero kuti musagumuke, kufikira nsengwa itakhwima n'kusenza yokha udindowo. N'chifukwa chake dokotala wanzeru sagamula ndi nambala imodzi, pakuti masiku a mayi akhoza kuwerengedwa molakwika, koma amayezanso patapita maola 48 ndi kuunika m'mimba ndi makina; inde, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono apa ndi pamene ambiri timasokera, poyesa kuti kutsika kwa homoni ndiko kwapha mimba, chikhalirecho kawirikawiri homoniyo imatsika chifukwa mimbayo inaleka kale kukula. Pafupifupi theka la mimba zopita padera m'miyezi itatu yoyamba zimatero chifukwa cha kusokonekera kwa ma chromosome pa nthawi imene mbewu ya bambo inakumana ndi dzira la mayi, monga njere imene imafera m'phando ngakhale mlimi atalima bwino ndipo mvula itagwa pa nyengo yake. Magazini ya zachipatala ya The Lancet inalemba mu 2021 kuti mimba 23 miliyoni zimapita padera chaka chilichonse pa dziko lapansi, ndiko kuti pafupifupi 15 mwa mimba 100 zilizonse zodziwika. Afiti a ku Sakubva, ngati alipo, sangakwanitse ntchito yonseyi.

Nanga kuwonjezera progesterone kungapulumutse mimba? Kafukufuku wotchedwa PRISM, amene anatsogolera Arri Coomarasamy wa ku yunivesite ya Birmingham ndipo anasindikizidwa mu 2019, anatsata amayi 4,153 amene anataya magazi mimba ili yaing'ono, ndipo anapeza kuti kwa amayi amene sanapitepo padera mankhwalawo sanasinthe kanthu, koma kwa amene anapita padera katatu kapena kuposerapo, ana obadwa amoyo anali 72 pa 100, pamene kwa osalandira mankhwala anali 57. Mu 2021 bungwe la NICE la ku Britain linalangiza kuti mankhwalawa aziperekedwa kwa mayi amene akutaya magazi ndipo anapitapo kale padera, makina ataonetsa kuti mimbayo ili m'chiberekero. Amene amangothamangira kukagula mankhwalawa pongomva kwa mnzake pa msika wa Sakubva akutaya madola ake, ndiponso akhoza kuchedwetsa thandizo ngati mimbayo yakhala mu njira ya dzira, imene ikaphulika imapha mayi.

Kuno ku Manicaland tili ndi adani ena a mimba amene sikelo imawagonjetsa mosavuta: malungo, ofala m'zigwa zotentha monga Honde ndi Burma Valley, ndi chindoko, chimene chimaoneka poyeza magazi n'kuchizika ndi jakisoni wa penisilini.

Mwana wa mlongo wangayo mimba ija inachokadi Loweruka lake, ndipo ndinakhala naye pamphasa usiku wonse, apongozi ake ali pomwepo, titawawerengera kapepala kaja ndi kuwamasulira tanthauzo lake kawiri konse.

Inu amayi oyembekezera, mukaona magazi ochuluka, kupweteka kwa mbali imodzi ya chinena, chizungulire kapena kutentha thupi, musadikire kuti kuche: pitani ku chipatala chapafupi kapena ku Victoria Chitepo Provincial Hospital, ndipo inu abambo, aperekezeni.