Ntchito imene mukuifuna ndi CV yanu: kodi zikugwirizana?

Tikamayendera makalabu a achinyamata pali funso limene timakonda kufunsa: "Kodi mukufuna kudzagwira ntchito yanji?" Apa manja sachedwa kukwera. Wina unamwino, wina uphunzitsi, wina usilikali, wina akufuna kudzayendetsa galimoto zikuluzikulu zopita ku Beira ndi ku Durban. Koma tikafunsanso kuti, "Nanga kuti mukafike kumeneko pakufunika chiyani?" m'chipinda monse mumangoti zii.

Vuto lomweli timalionanso pa CV. Wachinyamata amalemba CV imodzi akangomaliza Fomu 4, n'kuichita fotokope kakhumi, n'kumaiponya paliponse: ku banki, ku galaja, ku chipatala, ku mabungwe. Akapanda kuitanidwa amati, "Ntchito masiku ano n'zodziwana." Sitikukana, ntchito n'zosowa ndipo kukondera kulipo. Komabe ma CV ambiri amagwa okha asanafike n'komwe pamenepo, chifukwa sanena chilichonse chokhudza ntchito imene mwini wakeyo akufunsira.

Yambani ndi ntchitoyo, kenaka bwererani m'mbuyo

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wa m'kalabu yanu akufuna kudzakhala namwino. Kuti agwire ntchito imeneyi m'dziko muno ayenera kulembetsedwa ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Kuti alembetsedwe ayenera kuti anamaliza maphunziro a unamwino pa sukulu yovomerezeka, monga ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Mzuzu University, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku makoleji a mipingo amene ali pansi pa CHAM. Kuti amutenge kumeneko ayenera kukhoza bwino MSCE, makamaka Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi monga Biology, Chemistry ndi Physics. Ndiye mwaona? Mtsikanayu akataya sayansi polowa Fomu 3 chifukwa choti anzake akuti ndi yovuta, wadzitsekera yekha khomo la unamwino zaka ziwiri asanalembe mayeso. M'mera mpoyamba.

Ndi bwinonso kudziwa m'mene MANEB imawerengera zotsatira za MSCE, chifukwa ambiri amazimvetsa mochedwa. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndiye kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungokhoza chabe, pamene 9 n'kulephera. Mapointi amene anthu amatchula aja amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino koposa, ndipo akachepa m'pamene zili bwino. Kuti mupikisane nawo pa malo a m'mayunivesite a boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Choncho munthu akhoza kukhala ndi satifiketi ya MSCE m'manja koma osakwanira kupita kumene amafuna. Zikatero kulembanso mayeso si manyazi.

Njira si ya yunivesite yokha. Amene akufuna uphunzitsi wa ku pulayimale amadzera ku makoleji ophunzitsa aphunzitsi monga a ku Lilongwe, Blantyre, Kasungu, Karonga ndi Machinga. Amene ali ndi chidwi ndi ntchito zamanja ali ndi makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, kumene amaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi, kuwotcherera zitsulo, kukonza galimoto ndi zina. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a luso oterewa. Pano tinenepo maganizo athu: timakhumudwa tikamva achinyamata akunyoza ntchito zamanja ngati kuti ndi za anthu olephera sukulu. Mmisiri wa mipope kapena wa magetsi amatha kudzilemba yekha ntchito, pamene mnzake wa digiri akuyendabe ndi envulopu m'tauni.

Mukaidziwa njira, ilembeni m'kope. Osangoti "ndikufuna kudzakhala mphunzitsi" ayi. Lembani chimene muchite teremu ino, chimene mukufuna mutakwanitsa pofika chaka chamawa, ndi chimene mudzachite ngati njira yoyambayo itakanika. Ndipo pezani munthu amene akugwira kale ntchitoyo mumufunse kuti anadzera kuti. Safunsa anadya phula.

Nanga CV n'chiyani?

CV ndi pepala lofotokoza mwachidule za inu: dzina ndi m'mene angakupezereni, maphunziro anu, ntchito zimene munagwirapo, luso limene muli nalo, ndi anthu awiri kapena atatu amene angakuchitireni umboni. Kuno kwathu nthawi zambiri imalembedwa m'Chingerezi ndipo imayenda limodzi ndi kalata yofunsira ntchito. Kwa munthu amene akungoyamba kumene, tsamba limodzi kapena awiri ndi okwanira. Polemba maphunziro ndi ntchito yambani ndi zaposachedwa.

Wolemba anthu ntchito amalandira makalata mulu, ndipo sangawerenge liwu lililonse. Maso ake amasakasaka zimene analemba pa chidziwitso cha ntchitoyo. N'chifukwa chake CV imodzi singakwanire paliponse. Zoona za moyo wanu sizisintha, koma chimene mwaika pamwamba ndicho chiyenera kusintha.

Ngati mukufunsira ntchito ya mu ofesi, monga ukalaliki kapena kulandira alendo, onetsani msanga zotsatira za Chingerezi ndi masamu, komanso mapulogalamu a kompyuta amene mumawadziwadi, monga Word ndi Excel. Apa CV yeniyeniyo ndi mayeso kale: ikakhala ndi zolakwika m'kalembedwe, mwadziwonetsa nokha kuti makalata a kampani mudzawalemba chimodzimodzi.

Ya mmisiri ndi yosiyana. Mwini galaja kapena kontirakitala safuna kumva kuti munali mu kwaya. Akufuna adziwe satifiketi ya luso lanu, kumene munaphunzirira ntchito, kwa miyezi ingati, makina amene mumatha kugwiritsa ntchito, ndi zimene manja anu anapangapo. Ngati munakhoma denga la nyumba kapena munasoka mayunifolomu a sukulu, nenani, ndipo sungani zithunzi zake m'foni. Dalaivala ayambe ndi mtundu wa laisensi yake ndi galimoto zimene wayendetsapo.

Ntchito za m'mabungwe, za umoyo ndi za chitukuko cha m'midzi ndi zimene inu a m'makalabu muli nazo mwayi waukulu, koma ndi pomwenso mumadzichepetsa kwambiri. Timamva kawirikawiri mawu akuti, "Ine sindinagwirepo ntchito, ndilemba chiyani?" Chonsecho munthuyo wakhala mlembi wa kalabu zaka ziwiri, walemba malipoti, wasunga ndalama za gulu, watsogolera zokambirana, wachita zisudzo pamaso pa mafumu ndi makolo. Zonsezi ndi ntchito, ngakhale panalibe malipiro. Chofunika ndi kalembedwe kake. Mawu akuti "ndine wolimbikira ntchito" aliyense amalemba, ndipo sauza munthu kanthu. Koma mukalemba kuti, mwachitsanzo, "Ndinali msungichuma wa kalabu ya anthu 30 kwa zaka ziwiri, ndipo ndinkapereka lipoti la ndalama mwezi uliwonse," wowerengayo akuona munthu wodalirika. Onjezaninso zilankhulo zimene mumayankhula. Bungwe limene likukagwira ntchito ku Mangochi limasangalala ndi wodziwa Chiyao, la ku Rumphi ndi wodziwa Chitumbuka, la ku Nsanje ndi wodziwa Chisena.

Amene mukufuna bizinesi yanuyanu musaganize kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Tsiku limene mudzafune ngongole kapena oda yaikulu, adzakufunsani zimene mwachitapo, ndipo kope lolembamo zogula ndi zogulitsa lidzakuyankhulirani.

Zimene simuyenera kulemba

Musaname. Kuwonjezera mapointi kapena kugwiritsa ntchito satifiketi yachinyengo ndi mlandu, ndipo olemba ntchito amatha kukafunsa ku MANEB kapena ku koleji imene mwatchula. Za mtundu wanu, mpingo wanu kapena chipani chimene mumakonda zisiyeni. Za m'mene mulili m'thupi pa nkhani ya HIV sizilowanso pa CV. Ena amafunsa mwamantha ngati ayenera kuulula kuti akumwa ma ARV. Yankho ndi lakuti ayi, imeneyo ndi nkhani yanu. Lamulo la HIV ndi Edzi la chaka cha 2018 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa choti ali ndi kachilombo.

Anthu okuchitirani umboni asakhale amalume kapena azakhali anu. Sankhani mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa kalabu, kapena mmisiri amene anakuphunzitsani ntchito, ndipo muwapemphe kaye musanalembe maina awo. Zimachititsa manyazi bwana akaimba foni, winayo n'kuyankha kuti, "Ameneyo ndani?" Nambala yanu ya foni ikhale yoti imapezeka, ndipo adiresi ya imelo ikhale ya dzina lanu lenileni, osati dzina lija amakutchulani anzanu ku mpira. Masatifiketi tumizani a fotokope, enieniwo muzikawaonetsa pa tsiku la mafunso.

Chenjerani pamene mukuponya CV. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda zidziwitso za ntchito zabodza zimene zimati mutumize kaye ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe. Ntchito yeniyeni sagula. Ndipo wina akakuuzani kuti mubweretse CV ku malo ogona alendo madzulo, kapena kuti akuthandizani mukagona naye, kanani ndipo kauzeni munthu wamkulu amene mumamukhulupirira kapena apolisi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe lotere, kaya wochitiridwayo ndi mtsikana kapena mnyamata.

Pa msonkhano wanu wotsatira yesani izi. Bweretsani zidziwitso za ntchito zitatu zosiyana kuchokera mu nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times. Aliyense asankhe chimodzi, adule mzere kunsi kwa zimene olemba ntchitowo akufuna, kenaka alembe CV ya tsamba limodzi yoyankha zimenezo. Mukatha sinthanani mapepala. Mnzanuyo awerenge kwa mphindi imodzi yokha, atembenuze pepalalo, ndipo anene ntchito imene akuganiza kuti mukufunsira. Akalephera kuitchula, tengani pepala lina mulembenso.