Mafuwa Atatu a Kafukufuku Wopindulira Mudzi

Ophunzira ambiri a kuyunivesite amachita kafukufuku m'chaka chawo chomaliza, koma zomwe apeza zimathera pa shelefu ya mulaibulale. Anthu akumudzi amene anataya nthawi yawo kuyankha mafunso samvanso kanthu. Pofuna kuchepetsa vutoli, pali thandizo la ndalama lomwe limaperekedwa kwa wophunzira pokhapokha ntchito yake ikakhala ndi mbali zitatu: kafukufuku, utsogoleri ndi kutumikira anthu. Mbalizi zili ngati mafuwa. Limodzi likachoka, mphika sukhazikika.

Kuno ku Malawi chofananako ndi thandizoli ndi pulogalamu ya Students with Dreams, ya bungwe loima palokha la Art and Global Health Center Africa ku Zomba, yomwe inayambira pakati pa ophunzira a ku Chancellor College. Dongosolo lake ndi lakuti ophunzira apereke maganizo awo, ndipo osankhidwa alandire maphunziro a utsogoleri, mlangizi ndi kandalama koyambira. Maganizo otere si achilendo, pakuti m'zaka za m'ma 1980 a Chris Kamlongera ndi a David Kerr ankapita ndi ophunzira a pakolejiyi m'midzi kukachita zisudzo zachitukuko pamodzi ndi eni mudzi.

Nanga wophunzira ziyankhulo angapindule bwanji? Titenge boma la Phalombe. Mu Malichi 1991 napolo wochokera m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakazanso bomali. Komanso m'bomali muli Alomwe ambiri, ngakhale achinyamata ochuluka amayankhula Chichewa osati Chilomwe. Choncho nzeru zina za akuluakulu zokhudza phiri ndi mvula zikhoza kutayika pamodzi ndi chiyankhulocho.

Tiyerekeze kuti wophunzira walandira thandizoli. Poyamba ajambula mawu a agogo pamene akufotokoza zizindikiro zomwe ankaona napolo asanatsike. Ameneyu ndiye kafukufuku. Kachiwiri, apempha chilolezo kwa amfumu, asonkhanitsa achinyamata, agawa ntchito ndi kusunga malisiti a ndalama iliyonse. Umenewu ndiwo utsogoleri. Kachitatu, abwerera kumudzi ndi sewero kapena kabuku ka machenjezo m'Chilomwe ndi m'Chichewa. Kumeneku ndiko kutumikira.

Tikaonetsetsa, ndalamazo zimapita pa zinthu zing'onozing'ono monga minibasi, kabaza, makina ojambulira mawu ndi kusindikiza. Koma zing'onozing'onozi ndizo zimalepheretsa wophunzira wosauka kupanga ulendo wachiwiri, wokanena zomwe anapeza. Ulendo woyamba umapindulira iye mwini chifukwa umamupatsa digiri, pamene wachiwiri ndi umene umapindulira mudzi.

Motero posankha ntchito zoti zithandizidwe, aphunzitsi athu azifunsanso kuti: kodi agogo a m'tsinde mwa Michesi adzamva liti zomwe mdzukulu wawo analemba?