Netiweki ikavuta, foni imasunga umboni

Mumsewu wa Malangalanga ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, dandaulo lakuti netiweki yathawa silachilendo. Wogula amaima pakauntala kudikira kuti ndalama za Airtel Money kapena Mpamba zidutse, katundu ali m'manja, minibasi yakumudzi ikudzaza.

Zikatere, ambiri amathamangira kwa okonza mafoni pafupi ndi msika kukasinthitsa zipangizo, ena mpaka kugula foni ina. Koma nthawi zambiri vuto silikhala m'fonimo, ndipo foniyo payokha ikhoza kuulula komwe kuli chilema.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti foni zamakono zimalemba kaundula wa zonse zochitika m'kati mwake. Kaundulayu, yemwe akatswiri amamutcha log, amasonyeza nthawi yomwe foni idalumikizana ndi nsanja ya netiweki, mphamvu yomwe idalandira komanso pomwe kulumikizanako kudaduka.

Timizere ta pamwamba pa foni sitinena zonse. Pa foni zambiri za Android, munthu akaimba *#*#4636#*#* amaona nambala yeniyeni ya mphamvu ya netiweki. Pa Samsung amaimba *#0011#, pomwe pa iPhone ndi *3001#12345#*.

Nambalayi imakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo komanso zilembo za dBm kumapeto. Ikakhala cha m'ma -80, netiweki ili bwino, koma ikafika -110 kapena -120 ndiye kuti yafooka kwambiri.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Ngati nambala ili yoipa m'kati mwa sitolo koma n'kusintha munthu akatuluka panja, vuto ndi makoma ndi malata omwe amatchinga netiweki. Ngati nambala ili bwino koma intaneti ikukwawa, makamaka masana msika ukadzaza, kawirikawiri ndiye kuti anthu achulukira nsanja imodzi.

Foni imayamba kukayikiridwa pokhapokha ina, ya simukhadi ya kampani yomweyo, ikamagwira bwino pamalo omwewo. Ngakhale zitatero, ndi bwino kuyamba kuyesa simukhadiyo m'foni ina musadatulutse ndalama. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

M'maofesi a ku City Centre ndi m'nyumba za ku Area 10 kapena Area 43, komwe ambiri amadalira Wi-Fi, kaundula yemweyu amathandiza kudziwa ngati foni ikukanidwa chifukwa cha nambala yachinsinsi yolakwika kapena yangotalikirana ndi kabokosi kogawa intaneti.

Wokonza foni wodziwa ntchito amatulutsa kaundula yense, wotchedwa bug report, pogogoda kasanu n'kawiri pa Build number kuti atsegule Developer options. Koma apa mpofunika kusamala chifukwa kaundulayu amathanso kukhala ndi zinsinsi za mwini foni, monga malo omwe wakhala akupita. Si wopereka kwa munthu wamba.

Umboniwu ulinso ndi phindu lina. Makampani a TNM, yomwe idayamba mu 1995, ndi Airtel, yomwe kale inkatchedwa Celtel kenako Zain, amayang'aniridwa ndi bungwe la Macra lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 1998. Kasitomala yemwe sadakhutire ndi yankho la kampani yake ali ndi ufulu wokadandaula ku bungweli.

Dandaulo lotchula tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya dBm limamveka msanga kuposa kungoti netiweki ikuvuta.