Msonkho sufunsa kumene munthu anabadwira

ZÓBUÈ: Tsiku lililonse anthu amadutsa pachipata cha Zóbuè ndi Mwanza, ena ndi matumba a mbatata ndi kabichi, ena popita kumaliro. Amene amabwerera kwawo dzuwa lisanalowe, nkhani yawo imathera pachipata pomwepo. Koma pali ena amene amawoloka ndi mphasa ndi mapoto kudzakhazikika, maka a ku Malawi amene anakwatira kuno kapena anatsata ntchito ya malasha ku Moatize, kumene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011 isanagulitse mgodi kwa Vulcan mu 2022.

Ambiri mwa abale athuwa amaganiza kuti popeza chitupa chawo ndi cha ku Malawi, msonkho wa kuno sukuwakhudza. Uku n'kudzinamiza. Lamulo la msonkho wa IRPS la mu 2007 linanena kuti munthu amene wakhala m'dziko muno masiku opitirira 180 pachaka awerengedwe ngati wokhala konkuno. Koma musangodalira kuwerenga masiku. Ngati nyumba yanu ndi ntchito yanu zili kuno, boma limakutengani ngati wa kuno basi.

Choyamba chofunika ndi nambala ya msonkho yotchedwa NUIT, imene amapereka a Autoridade Tributária. Kubanki amaifuna, kuntchito yolembedwa amaifunanso. Mlendo wokhazikika amafunikanso chitupa cha DIRE chochokera ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Wolembedwa ntchito msonkho wake amadula bwana malipiro asanafike m'manja, ndipo kwa olandira ndalama zambiri umafika 32 peresenti. Amadulanso 3 peresenti ya INSS, bwana n'kuwonjezerapo 4 peresenti. Apa mpofunika kutsegula maso: funsani kapepala ka malipiro mwezi ndi mwezi n'kumasunga, chifukwa tsiku la ukalamba kapena la mkangano mawu apakamwa sadzakuthandizani.

Palinso msonkho wina umene umadabwitsa a ku Malawi, popeza kwawo msonkho wa pamutu unatha kalekale. M'tauni ya Moatize aliyense wa zaka 18 mpaka 60, nzika kaya mlendo wokhalamo, amapereka Imposto Pessoal Autárquico kamodzi pachaka. Kumidzi ya ku Zóbuè dzina lake ndi Imposto de Reconstrução Nacional, ndipo mafumu amathandiza kutolera. Ndalama yake si yambiri, koma musachoke opanda lisiti.

Agogo athu ankathawa msonkho wa Apwitikizi n'kukabisala kutsidya, ndipo panthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992 ambirife tinasungidwa ku Mwanza komweko. N'chifukwa chake mabanja ambiri ali ndi phazi uku ndi uku. Koma masiku ano kuwoloka sikuzimitsa ngongole. Amene anasiya nyumba ya lendi kapena golosale ku Mwanza kapena ku Blantyre adziwe kuti bungwe la MRA limafunabe msonkho pa ndalama zopezeka m'dziko la Malawi, ngakhale mwini wake akugona ku Moatize. Nayenso wa kuno amene wapeza ntchito kutsidyako adzadulidwa msonkho wa PAYE ngati mmene amadulira eni dziko, ndipo akafuna kutsegula bizinesi adzamufunsa nambala ya TPIN.