Jini la Shaker

Shaker ndi jini lopezeka mwa tintchentche tokonda zipatso zakupsa, timene asayansi amatitcha Drosophila melanogaster. Jini ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni, ndipo la Shaker lili pa kromozomu X. Dzinali linabwera chifukwa chakuti jinili likasokonekera, kantchentche kamagwedeza miyendo mwamphamvu akakagoneka ndi mankhwala a ether, pomwe tinzake tabwinobwino timangogona phee.

Mmene limagwirira ntchito

Minyewa imatumiza uthenga m'thupi pogwiritsa ntchito mphamvu yochepa ya magetsi. Uthenga ukamadutsa, sodiyamu amalowa m'selo la mnyewa ndipo magetsi a mkati mwake amakwera. Kenako timakomo tina ta pakhungu la selolo timatseguka, potaziyamu n'kutuluka, magetsi aja n'kutsikanso. Zikatero selolo limapuma n'kudikira uthenga wina. Jini la Shaker ndi limene limapanga mtundu umodzi wa timakomo ta potaziyamuti, ndipo kakhomo kalikonse kamapangidwa ndi mapuloteni anayi olumikizana.

Zimene zimachitika likasokonekera

Timakomoti tikawonongeka, potaziyamu satuluka msanga, choncho magetsi amachedwa kutsika ndipo mnyewa umatha kutumiza uthenga umodzi kangapo. Pamene mnyewa umakumana ndi mnofu, kashiamu wambiri amalowa m'selo, ndipo izi zimachititsa kuti mankhwala olamula mnofu kukokeka azituluka kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake miyendo imanjenjemera. Tintchentche tina tokhala ndi vutoli timagonanso nthawi yochepa kwambiri poyerekeza ndi tinzake.

Mbiri ya kafukufuku

Mu 1977, Yuh Nung Jan, Lily Jan ndi Michael Dennis anaonetsa kuchedwa kumeneku poyeza minyewa ndi minofu ya mphutsi za tintchentcheti. Mu 1987, gulu la a Jan ku University of California, San Francisco, komanso magulu ena, anakwanitsa kupatula jinili. Kanali koyamba kuti jini lopanga timakomo ta potaziyamu lipatulidwe.

Kufunika kwake kwa anthu

Kudzera mu Shaker, asayansi anapeza majini ofanana nalo mwa mbewa ndi anthu. Limodzi mwa majiniwa ndi KCNA1. Likasokonekera, limayambitsa matenda otengera kumtundu otchedwa episodic ataxia type 1. Wodwala matendawa nthawi zina amadzandira mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepa, ndipo minofu yake imatukutira yokha.